NYUMBA YACIFUMU YA PA PHIRI KU MADAGASCAR: MSIKA WA ALENDO KAPENA MANDA A MAKOLO?

Kum'mawa kwa dziko la Mozambique, patsidya pa nyanja yamcere, kuli cisumbu cacikulu cochedwa Madagascar. Anthu a kumeneko ndi anansi athu, pakuti dziko lao ndi lathu ali pamodzi m'mabungwe a SADC ndi COMESA. Munthu akafika mu mzinda wao waukulu wa Antananarivo, cinthu coyamba cimene maso ace aona ndi nyumba yaikulu ya miyala, ya nsanja zinai m'ngondya zace, yoimirira pamwamba pa phiri lalitali la mumzindamo. Nyumbayi dzina lace ndi Manjakamiadana, ndipo linga lonse m'mene iri limachedwa Rova. M'menemo ndimo munali kukhala mafumu ndi mafumukazi a mtundu wa Amerina kwa zaka pafupi-fupi 300.

Lero nyumbayi ndi malo amene alendo a maiko akutali amalipira ndalama kuti aloweko. Koma inapsa ndi moto, inamangidwanso, ndipo yautsa mikangano yaikulu pakati pa Boma, zidzukulu za mafumu ndi anthu wamba. Nkhani yace iyenera kumveka bwino kuno kwathu, cifukwa nafenso tiri ndi mabwalo a mafumu, manda a makolo ndi miyambo imene alendo ayamba kuifuna. Funso limene anzathu a ku Madagascar alimbana nalo ndi ili: kodi malo opatulika a makolo angadyetse anthu popanda kutaya ulemu wace?

CIYAMBI CA LINGA

Phiri limeneli kale linali kuchedwa Analamanga, ndipo nsonga yace iri pa mamita oposa 1,400 kucokera pamwamba pa madzi a m'nyanja yamcere. Mbiri ya eni dziko imanena kuti ca kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 mfumu Andrianjaka inalanda phirilo kwa anthu ochedwa Avazimba, ndi kuikapo asilikali 1,000 kuti alilonde. Ndipo dzina lakuti Antananarivo litanthauza mudzi wa anthu cikwi. Mfumuyo siinasankhe phiri cifukwa ca kukongola ai. Pamwamba pamenepo munthu amaona mdani akali kutali, ndipo pansi pace panali madambo akulu amene mafumu anawasandutsa minda ya mpunga pomanga migula ndi kukumba ngalande. Mphamvu ya ufumuwo inali mu mpunga, monga momwe mphamvu ya mudzi wathu iri m'nkhokwe ya cimanga.

Patapita nthawi ufumu wa Amerina unagawanika, abale nayamba kumenyana okha-okha. Amene anaugwirizanitsanso ndi mfumu Andrianampoinimerina, imene inalamulira kucokera mu 1787 kufikira mu 1810. Iyo inali kukhala pa phiri lina lochedwa Ambohimanga, mtunda wa makilomita oposa 20 kucokera ku Antananarivo, koma itagonjetsa Antananarivo inasamutsira likulu lace kumeneko. Nyumba yace inali ya mitengo, ya cipinda cimodzi cokha, yokhala ndi malo osonkhapo moto ndi kama wokwera m'mwamba. Mwana wace Radama Woyamba, amene analamulira kufikira mu 1828, anakuza ufumuwo ndi nkhondo kufikira kugombe, nalandira amishoni a ku London amene anatsegula sukulu mumzindamo mu 1820.

MITENGO, MIYALA NDI THUKUTA

Nyumba yaikulu ya Manjakamiadana inamangidwa ca mu 1839 ndi 1840 polamulidwa ndi Mfumukazi Ranavalona Woyamba, ndipo mmisiri wace anali Mfalansa wina dzina lace Jean Laborde. Yonse inali ya mitengo, pakuti mwambo wa nthawi imeneyo unali wakuti miyala ndi ya nyumba za akufa, amoyo azikhala m'nyumba za mitengo ndi zomera. Mitengo yaikuluyo inacokera ku nkhalango za kum'mawa, ndipo inasenzedwa ndi anthu, kukwera ndi kutsika mapiri, pansi pa lamulo la nchito yokakamiza lochedwa fanompoana. Anthu sanali kulandira malipiro, ndipo ambiri anafera pa nchitoyo. Akulu-akulu athu amene amva za cibalo ndi thangata adziwa bwino kulemera kwa katundu wotere.

Mfumukazi yomweyo inaletsa Cikristu m'dziko lace. Mu 1849 Akristu 14 anaponyedwa pa thanthwe la Ampamarinana, pafupi ndi linga lomwelo, ndipo ena anai anatenthedwa amoyo. Koma zinthu zinasintha. Mfumukazi Ranavalona Waciwiri anabatizidwa mu 1869, ndipo m'nthawi yace mwambo woletsa nyumba za miyala unatha. Mmishoni wa ku Scotland, James Cameron, ndiye anazinga nyumba ya mitengo ija ndi zipupa za miyala ndi nsanja zinai zimene zioneka kufikira lero. M'lingamo anamangamonso chalichi ca miyala, cimene cinatsegulidwa mu 1880. Cotero mkati mwa mpanda umodzi munali nyumba za mafumu, nyumba ya Mulungu ndi manda a mafumu omwe.

Pa 30 Sepitembala 1895 asilikali a France, otsogozedwa ndi mkulu wa nkhondo Duchesne, anafika pa mapiri oyandikana ndi mzindawo ndi kuombera mizinga pa lingalo. Mfumukazi Ranavalona Wacitatu anakweza mbendera yoyera. Mu 1896 cisumbu conse cinakhala pansi pa France, ndipo mu 1897 mfumukaziyo anampitikitsira ku cisumbu ca Réunion, pambuyo pace ku Algiers, kumene anamwalira mu 1917. Mafupa ace anabwezedwa kwao mu 1938. Zimenezi zinacitika m'nyengo imodzimodzi ndi nkhondo ya 1898 kuno Kum'mawa, pamene Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa ndipo Nsingo anaomberedwa.

Pali mfundo imodzi yofunika kuisunga. Amene anayamba kusandutsa Rova kukhala nyumba yoonetseramo zinthu zakale ndi atsamunda, mu 1897. Iwo anafukulanso mafupa a mafumu ku Ambohimanga ndi kuwasamutsira ku Rova, kuti acepetse mphamvu ya malo opatulikawo m'mitima ya anthu. Tsono kuyambira paciyambi, kutsegula nyumbayi kwa oonerera kunali kosakanizika ndi ndale. Dziko litalandira ufulu pa 26 Juni 1960, Rova inakhalabe malo oonerera, koma kwa Amerina ambiri siinaleke kukhala manda.

USIKU WA MOTO

Usiku wa pa 6 Novembala 1995, patapita zaka 100 cigonjetsedwere mfumukazi, moto unabuka m'lingamo. Popeza nyumba zambiri zinali za mitengo youma ya zaka zoposa 100, motowo unafalikira mofulumira, ndipo malawi ace anaoneka mumzinda monse. Ozimitsa moto anafika mocedwa. Atafika anapeza kuti mapaipi ao sakulumikizika bwino ndi mipope ya pamalopo, ndiponso madzi sanali kukwera ndi mphamvu pamwamba pa phiri. Kutalika kumene kunali kuchinjiriza mafumu kwa adani ndiko kunalepheretsa madzi kufika.

Anthu wamba, makamaka anyamata, analowa m'moto kukapulumutsa katundu wa mafumu. Mwa zinthu zakale zoposa 6,000 zimene zinali m'menemo, anaturutsa pafupi-fupi cimodzi mwa zinai ziri zonse. Kutaca, cimene cinatsala pa nyumba yaikulu ndi zipupa za miyala zokha. Ya mitengo ya mkati inali phulusa. Chalichi cinatsala ciriri, koma tinyumba ta mitengo ta pamwamba pa manda tinapsa. Tsoka linakula pakuti pa nthawi imeneyo nchito yolembetsa Rova m'kaundula wa UNESCO wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi inali pafupi kutha. Ulemu umenewo unapita ku phiri la Ambohimanga mu 2001.

Ofufuza a Boma ananena kuti motowo unali ngozi, koma anthu ambiri sanakhulupirire. Ena anali kunong'ona kuti ndi cidani ca mitundu, ena kuti ndi andale ofuna kusokoneza maganizo a anthu. Manong'onong'o amenewa sanathe kufikira lero, ndipo asonyeza kuti mlandu wosaweruzidwa poyera umasiya cironda m'dziko. Zinthu zopulumutsidwa zinasungidwa m'nyumba ya Andafiavaratra, imene kale inali ya nduna yaikulu Rainilaiarivony. Kumenekonso, mu Disembala 2011, mbala zinaba cisoti cacifumu ca Ranavalona Woyamba.

KUMANGANSO NDI MKANGANO

Nchito yomanganso inayenda mwa pang'ono-pang'ono. Inalimba m'nthawi ya Pulezidenti Marc Ravalomanana, koma inadodometsedwa ndi cisokonezo ca ndale ca mu 2009. Pulezidenti Andry Rajoelina atasankhidwa, analonjeza kuimaliza pokondwerera zaka 60 za ufulu mu 2020. Nyumba yokonzedwayo inatsegulidwa pa mwambo wa pa 6 Novembala 2020, patapita zaka 25 cicitikire moto. Pa nthawi yomweyo dziko la France linabweza cokongoletsa conga cisoti cimene cinali pamwamba pa mthunzi wacifumu wa Ranavalona Wacitatu, cimene cinakhala zaka zambiri m'nyumba ya zinthu zakale za asilikali ku Paris.

Koma cikondwererocho cinali ndi banga. Mkati mwa linga lopatulikalo Boma linamanga bwalo lozungulira la simenti, la mipando mazana angapo, lochedwa Kianja Masoandro, lofanana ndi mabwalo a masewera a Aroma akale. Boma linati bwalolo lidzakhala poonetsera masewero a mbiri ya dziko, kuti ana a sukulu aphunzire ndi alendo akopeke. Zidzukulu za mafumu, akatswiri a mbiri yakale ndi amisiri olemba mapulani a nyumba anakana kwamphamvu. Iwo anati cinthuco ndi cacilendo, mafumu sanacidziwe, ciri pafupi ndi manda, ndipo eni mwambo sanafunsidwe. Anaopanso kuti cidzaononga mwai wolembetsa mbali yakale ya mzindawo ku UNESCO, pakuti inali itaikidwa pa mndandanda woyembekezera mu 2016. Madandaulo onsewa anamveka, koma bwalolo linamangidwabe.

Tikaiona bwino nkhaniyi, mbali zonse ziwiri ziri ndi mfundo. Nyumba yakale imadya ndalama tsiku ndi tsiku: alonda, okonza denga, mankhwala a ciswe, magetsi ndi madzi. Dziko losauka silingathe kusunga malo otere ngati sabweretsa kanthu. Koma Boma linalakwa pa njira. Mlendo wocokera ku Ulaya sangaoloke nyanja kudzaona cofanizira ca bwalo la Aroma pamene leni-lenilo liri kwao ku Rome. Iye amadza kudzaona cimene kwao kulibe. Cotero cinthu cimene cinapweteka mitima ya eni malo sicinali ngakhale cofunika kwa mlendo amene anali kumkonzera.

ALENDO NDI MTENDERE

Alendo ambiri opita ku Madagascar amatsata tinyama tochedwa lemur, tonga canga wa kuno kwathu, milambe yaikulu ya ku Morondava ndi magombe a ku Nosy Be. Ambiri amatsikira pa bwalo la ndege la Ivato, nagona mumzinda waukulu usiku umodzi kapena uwiri. Phindu la Rova ndi lakuti imampatsa mlendo cifukwa cokhalira tsiku lina. Tsiku limenelo ndilo limadyetsa woyendetsa galimoto, wolondolera alendo amene amadikira pa cipata, mai wogulitsa nsalu ndi madengu, wophika m'hotela, ndi mlimi amene anatumiza ndiwo zamasamba ku msika. Ndalama ya pa cipata ndi yaing'ono poilinganiza ndi imene mlendo amamwaza m'njira.

Komabe akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mu 2008 Madagascar inalandira alendo oposa 370,000, koma mu 2009, caka ca cisokonezo ca ndale, ciwerengeroco cinatsika kufika pansi pa theka. Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka malire, nyumba yokonzedwayo niyembekeza alendo amene sanathe kubwera. Ndipo pa 25 Sepitembala 2025 acinyamata a mu Antananarivo anayamba kucita zionetsero cifukwa ca kusowa kwa madzi ndi kuzima-zima kwa magetsi. Mu Okutobala asilikali analanda Boma, Rajoelina anacoka m'dziko, ndipo pa 17 Okutobala 2025 Colonel Michael Randrianirina analumbiritsidwa kukhala Pulezidenti.

Apa pali phunziro lowawa. Madzi amene analephera kukwera phiri mu 1995 ndi omwewo amene anali kusowa m'mipope ya anthu patapita zaka 30. Boma limene likometsa nyumba ya pa phiri pamene okhala m'tsinde mwace akugona pa mzere wa madzi likumanga pa mcenga. Anthu a ludzu sakondwera ndi nyali zowala pa nsanja, ndipo mlendo sabwera kumene kuli utsi wokhetsa misozi. Nchito ya alendo imakula pamene eni dziko ali ndi madzi, miseu ndi mtendere. Siingathe kulowa m'malo mwa zimenezi.

MBIRI YA YANI?

Bvuto lina ndi la mbiri imene imakambidwa m'nyumbamo. Kwa Amerina a kumapiri, Rova ndi cizindikiro ca ufumu umene unali ndi malamulo olembedwa, masukulu ndi akazembe ku maiko a Ulaya atsamunda asanafike. Kwa mitundu ina ya kugombe, monga Asakalava ndi Abetsimisaraka, phiri lomwelo ndiko kunali kucokera magulu a nkhondo ndi okhometsa msonkho. Palinso zidzukulu za akapolo. Anthu ambiri anagwidwa ku mbali ino ya Africa, naolotsedwa nyanja kucokera ku magombe a Mozambique, ndipo kumeneko anachedwa Masombika kapena Makoa. Lamulo lowamasula linalengezedwa mu 1877, m'nthawi ya Ranavalona Waciwiri.

Boma linayesa kugwirizanitsa mitundu pocha malowa Rovan'i Madagasikara, ndiko kuti linga la Madagascar yense. Koma dzina lokha silikwanira. Wolondolera alendo akachula mafumukazi ndi zobvala zao za golide, ayenera kuchulanso amene anasenza mitengo, amene anaponyedwa pa thanthwe ndi amene anagulidwa ngati mbuzi. Ndiponso mafumu a Madagascar sanali a pa phiri limodzi. Mu Ogasiti 2025 dziko la France linabweza zibade zitatu za Asakalava, cimodzi mwa izo cokhulupiriridwa kuti ndi ca mfumu Toera, imene asilikali a France anaipha mu 1897. Mwambo umenewo unakumbutsa onse kuti kumadzulo kwa cisumbuco kunali ufumu wina wokhala ndi ulemu wace-wace.

NANGA IFE KUNO?

Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Anzathu a ku Uganda anaona tsoka lomwelo pa 16 Malichi 2010, pamene nyumba yaikulu ya udzu ya ku Kasubi, pa phiri lina mu Kampala, inapsa. Nyumbayo inamangidwa mu 1882 ngati nyumba ya mfumu Muteesa Woyamba, ndipo muli manda a mafumu anai a Buganda. Panapita zaka 13 kuti UNESCO icotse malowo pa mndandanda wa malo amene ali pa ngozi, mu 2023. Ife tiri ndi Lealui ndi Limulunga kumene kumacitikira Kuomboka, Mtenguleni wa Nc'wala, Mkaika wa Kulamba pafupi ndi Katete, ndi mabwalo ena ambiri m'zigawo zonse. Zambiri za m'malo amenewa ndi za udzu, bango, mitengo ndi zikopa, ndipo caka ciri conse m'cilimwe timatentha chire.

Coyamba tsono ndi moto. Mudzi uli wonse wokhala ndi malo a makolo ulime lambalamba wozungulira malowo cisanafike cilimwe, usunge migolo ya madzi ndi mcenga pafupi, ndipo waya wa magetsi aikidwe ndi mmisiri wodziwa nchito yace. Izi sizifuna thandizo la maiko akunja. Zifuna khasu ndi cimvano.

Caciwiri ndi kulemba. Ng'oma, mikondo, mipando, mikanda ndi makalata akale ziwerengedwe, zijambulidwe, ndipo buku lace lisungidwe m'malo awiri osiyana. Aphunzitsi ndi ana a sukulu angathandize kulemba zimene nkhalamba zikumbukira zisanapite. Bungwe la National Heritage Conservation Commission, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1989, liripo cifukwa ca nchito yotereyi, ndipo mafumu ndi nduna zao ali ndi ufulu wolifunsa uphungu. Kusunga bwino zimene tiri nazo kumalimbitsanso pakamwa pathu pofuna zimene zinatengedwa, monga cibade ca munthu wakale cimene cinapezeka ku Kabwe mu 1921, natumizidwa ku London.

Cacitatu ndi kufunsana. Munthu akadza ndi ndalama nati amange nyumba ya alendo, sitolo kapena bwalo la simenti pa malo a makolo, nkhaniyo ikambidwe poyera, pamaso pa mfumu, nduna, amai osunga mwambo ndi anthu onse, njerwa yoyamba isanaikidwe. Padulidwe malire omveka: apa mlendo afike, apa abvule nsapato, apa asajambule, apa asaponde konse. Mlendo wanzeru sakwiya ndi malire. Amalemekeza kwambiri malo amene eni ace amawalemekeza.

Cacinai ndi ndalama. Zimene zalowa pa cipata zilengezedwe, ndipo anthu adziwe gawo limene lapita ku kukonza malowo ndi limene lapita ku citsime, sukulu kapena cipatala ca m'deralo. Mwana wa sukulu ndi mlimi wa pafupi asalipiritsidwe mtengo wa mlendo wa pa ndege, kuopa kuti mwini mbiri angakhale wosuzumira pa mpanda wa makolo ace.

Nyumba ya Manjakamiadana yaimiriranso pa phiri lace, ndipo alendo akukwera kukaiona. Koma mizati imene anthu anasenza mu 1839 palibe amene angaibweze, pakuti madzi akatayika saoleka. Ife amene zathu zikali ziriri tiyambe ndi lambalamba caka cino, ndipo nkhani ya alendo tiikambe pa bwalo, onse ali pomwepo.